Khofi wa m'buti ya Probox: ndalama zomwe zapita ndi komwe zapitira

5 Febuluwale 2024: bajeti ya papepala

Ganizo lake ndi ili: Probox yomwe ndili nayo kale, kabati yokoka kuchokera ku buti, makina a espresso (ophika khofi wamphamvu pokankha madzi otentha kudutsa m'khofi wogaya) pamwamba pake, n'kumaima m'mawa pafupi ndi maofesi a ku City Centre kuno ku Lilongwe. Loweruka n'kumalowera komwe kuli ukwati, msonkhano kapena msika wa alimi. Lendi ya shopu palibe.

Mpamba ndi K3,500,000, ndipo ndaugawa motere: makina ndi kachigayo ka khofi K2,000,000, kabati K400,000, mapepala a boma ndi a khonsolo K150,000, katundu woyambira K350,000, ndipo K600,000 yotsalayo ndi ya zamwadzidzidzi. Zamagetsi sizili papepalapa chifukwa kunyumba kuli kale inveta ndi batire zomwe timagwiritsa ntchito magetsi akazima.

Vuto la bajeti iliyonse panopa ndi loti siikhalitsa. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pomwe dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700, wogulitsa katundu wakunja akakuuzani mtengo lero amawonjezera kuti "koma mawa musandigwire pakamwa". Ndiye manambala onse m'zolembazi muziwawerenga limodzi ndi tsiku lake.

24 Febuluwale: kabati

Ndapita kwa owotcherera ku Mchesi ndi chithunzi chojambula pamanja. Amisiriwo, bambo achikulire ndithu, anayang'ana pepalalo n'kupempha kuti ayambe aona galimotoyo. Atayeza anati, "Abwana, mwajambula ngati buti ndi ya makona anayi. Taonani malo a matayalawa, alowa mkati. Pansi pano mutaya masentimita makumi awiri." Ndiye kabati yachepa kunsi n'kutambalala kumtunda, ndipo malo omwe ndinkafuna kuikapo zigubu ziwiri za madzi alowa chimodzi chokha. Chinacho chizikhala kuseri kwa mpando.

Zomwe zalowapo: machubu achitsulo a mamilimita 25, pulaiwudi wa mamilimita 18, lata la aluminiyamu lokuta pamwamba kuti pazipukutika, tinjanji tokokera kabati, mabawuti, penti, ndi ntchito ya amisiri. Zonse K470,000. Aluminiyamu ndi amene wadutsitsa bajeti, koma pulaiwudi wosakuta akamwa mkaka wotayikira fungo lake silichoka, ndipo a zaumoyo sangakuvomerezeni.

11 Malichi: mapepala

Dzina la bizinesi ndalembetsa kwa Registrar General kudzera pa intaneti, nambala ya msonkho ya TPIN ndatenga ku MRA. Ku khonsolo kumafunika laisensi ya bizinesi, kuyendera kwa a zaumoyo, ndi chiphaso cha kuchipatala cha aliyense wogwira chakudya, ine ndi mnyamata wondithandiza. Pamodzi ndi zithunzi, mafotokope ndi mayendedwe zakwana K140,000.

Chofunika kudziwa ndi chakuti kukhala ndi laisensi si chilolezo choima paliponse pomwe mwaona anthu. M'mbali mwa msewu mumawerengedwa ngati venda wina aliyense. Ndagwirizana ndi mwini wake wa malo ena oimikapo magalimoto a nyumba ya maofesi: K60,000 pamwezi, kuyambira 6:30 mpaka 11 koloko m'mawa, pakona ya pafupi ndi geti. Ndalama imeneyi sinali pa bajeti. Lendi yomwe ndinkaithawa yandipeza, yangochepa.

28 Malichi: makina afika

Makina ogwiritsidwa kale ntchito, a mutu umodzi (potulukira khofi pamodzi), ndawapeza ku Johannesburg pa R9,500 kudzera mwa mlamu wanga, ndipo abwera pa basi. Ma rand ku banki kunalibe, ndiye mtengo womwe ndasinthira si wa m'nyuzipepala. Kuphatikiza kunyamula ndi msonkho wa pachipata, makinawo afika pakhomo pa K1,520,000. Kachigayo K480,000.

Afika ndi geji yosweka komanso labala la pomwe pamalowa chogwirira khofi litauma mpaka kung'aluka. Labala lakelo ndi kanthu kakang'ono kotchipa, koma ndazungulira mu tauni osalipeza. Laitanitsidwanso ku Johannesburg. Ngati mukugula makina akale kunja, uzani wokutumiziraniyo aikemo malabala, sefa ndi geji zapadera m'katoni momwemo.

Sabata yomweyi shuga wasowa m'mashopu. Komwe akupezeka akugulitsa paketi imodzi kapena ziwiri pa munthu, ndipo kwa mavenda mtengo wakwera pafupifupi kawiri.

9 Epulo: inveta yakana

Apa ndi pomwe pali nkhani. Pa chizindikiro cha kumbuyo kwa makinawa palembedwa 2,400W. Inveta ya kunyumba ndi ya 1,500W pa batire limodzi la 12V, 200Ah. Titangoyatsa, inalira kamodzi n'kuzima.

Ndinaitana wa zamagetsi kuti andiuze ngati inveta yokulirapo ingathetse vutoli. Anatenga cholembera n'kuwerengera pa katoni ya makinawo. Mawati 2,400 pa mavoti 12 ndi ma amp 200, osawerengera zomwe inveta imataya. Batire la 200Ah lili ndi 2.4kWh papepala, koma la mtundu wa lead acid simulitsitsa kupitirira theka ngati mukufuna likhalitse. "Ndiye achimwene, kungotenthetsa boila m'mawa mwadya kale gawo lalikulu. Pofika 8 koloko batire lagona, ndipo mawaya anu atentha." Njira yoyenera, akuti, ndi inveta yaikulu ya 24V kapena 48V ndi mabatire a lithium, zomwe anayerekeza kuti zidutsa K2,000,000.

Kunja kuli makina a espresso otenthetsa boila ndi gasi, opangidwira anthu oyendayenda enieni. Fracino ya ku Birmingham imapanga oterowo. Mtengo wake ndinangouona n'kutseka foni.

Ndagula jenereta ya 3kVA pa K650,000. Ndalama ya zamwadzidzidzi yathera pomwepo, ndipo ndisanagulitse kapu ngakhale imodzi ndakatenga ina ku banki m'khonde.

22 Epulo: kuyamba kugulitsa, ndi jenereta

Makina akugwira bwino, khofi akutuluka ndi thovu lake lofiirira, anthu akumujambula. Koma pali zinthu zitatu.

Choyamba ndi petulo. Jeneretayi ikudya pafupifupi lita imodzi pa ola, ndipo mu Epulo 2024 lita inali pa K2,530. Makina a espresso simungawazimitse pakati pa makasitomala chifukwa boila ikazizira mudikira mphindi makumi awiri, ndiye jenereta imangolira ngakhale palibe wogula. M'mawa umodzi ndi ndalama yoposa K12,000, kutanthauza kuti phindu la makapu asanu ndi atatu oyambirira likupita ku petulo.

Chachiwiri, kachigayo kakayamba pomwe boila ikutenthetsa, jenereta imatsamwa ndipo magetsi amatsika. Tinazolowera kudikira kuti nyali ya boila izime kaye tisanagaye, koma pakakhala mzere zimachedwetsa.

Chachitatu ndi phokoso ndi utsi. Munthu akuitanitsa khofi mokuwa ngati ali pachigayo cha chimanga. Sabata isanathe mlonda wa panyumbayo anabwera atavula chipewa: "Pepani bwana, a m'mwambamu akudandaula. Akuti mwina muzimitse, apo ayi musamuke." Tinayesa kuiika kutali ndi chingwe chachitali n'kuitchinga ndi mabolodi. Phokoso linachepa pang'ono, koma inayamba kutentha n'kumazima yokha.

6 Meyi: kusamukira ku gasi

Makina a espresso ndawatsitsa, ali kunyumba. Pamalo pake pali mbaula ya gasi ya mafuwa awiri, silinda ya makilogalamu 9, mapoto a moka atatu (timapoto tophikira khofi pamoto, momwe nthunzi imakankhira madzi kudutsa m'khofi), ketulo yaikulu, ma French press awiri (majagi okhala ndi sefa yopopa), fulasiki ya malita atatu ndi chozimira moto. Zonse K390,000. Kachigayo kokha kamadya mawati ochepa, ndiye kakuyendera inveta ya kunyumba ija popanda vuto.

Poto wa moka amatulutsa khofi wamphamvu wokwanira makapu awiri akuluakulu a mkaka pa mphindi zisanu. Si espresso, ndipo sindimunamiza munthu kuti ndi espresso. Koma mukathira mkaka wotentha ndi shuga masupuni atatu, momwe ambiri akufunira, kusiyana kwake akukumva ndi anthu owerengeka, makamaka azungu a m'mabungwe ndi omwe anakhalako kunja. Thovu la mkaka timapanga mu French press: kutenthetsa mkaka osauwiritsa, kuuthira mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu, n'kupopa msangamsanga. Mkaka ukawira thovu silikhala ndipo umanunkha chipsereza. Wofuna khofi wakuda timamuthirira wa m'fulasiki, yemwe timaphika kawiri m'mawa uliwonse kuti asakhalitse.

Mwayi umodzi wa Lilongwe: tili pamtunda woposa mamita 1,000, ndiye madzi amawira pa madigiri 96 kapena 97, osati 100. Kutentha kumeneko ndi koyenera khofi, moti ketulo ikangowira timathira osadikira.

Mphepo ya m'mawa inkakankha lawi, poto mmodzi kumatenga nthawi yowirikiza. Amisiri a ku Mchesi apinda lata la mbali zitatu lotchinga mbaula, K15,000. Aboolanso pansi pa chipinda cha silinda, popeza gasi ndi wolemera kuposa mpweya ndipo akamatuluka amatsikira pansi. Silinda sigona m'galimoto yotseka, timaitsitsa tikafika kunyumba.

20 Meyi: tinjanji tapindika

Kabati yakana kutuluka m'mawa wina, makasitomala ataima. Tinjanji tomwe tinaika ndi ta madilowa a m'khitchini, ndipo sitinapangidwire kulemera kotere pa msewu wa maenje wa kwathu. Timipira take tinamwazika m'buti monse. Tachotsa n'kuika zitsulo za ngodya ndi mabelingi akale a galimoto ochokera ku Biwi, komanso loko wogwira kabati poyenda. K70,000. Ikulira pokoka koma siipindika.

Za kulemera: madzi malita 40 ndi makilogalamu 40, ndipo pomwe makina ndi jenereta zinali m'mwemo galimoto inkakhala chogwada kumbuyo. Chichotsereni ziwirizo yadzuka.

17 Juni: mtengo wa kapu imodzi

Kukuzizira, ndipo ino ndi nyengo yabwino ya bizinesi imeneyi. Pofika 7 koloko pamakhala kamzere ka anthu ovala majuzi, manja m'matumba.

Khofi ndikugula wa m'dziko momwemuno. Wa alimi a Mzuzu Coffee, yemwe amachokera ku mapiri a Misuku ku Chitipa, Phoka ku Rumphi, Viphya ndi madera ena, ndi amene ndimagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo nthawi zina ndimatenga wa ku Satemwa ku Thyolo. Yense ndi wa mtundu wa arabica. M'mashopu wambiri ndi wogaya kale, ndiye wa njere muyenera kuchita kufunsa. Wogaya kale amatha fungo msanga paketi ikatsegulidwa, komanso kagayidwe kake nthawi zambiri ndi kokhakhala kwa poto wa moka: khofi amatuluka wamadzimadzi. Kilogalamu ya njere zokazinga ikundikwanira K30,000.

Kapu yaikulu ya mkaka ikutuluka motere: khofi magalamu 15, K450. Mkaka K450. Kapu ya pepala ndi chivundikiro chake K350. Shuga, kamtengo kotakasira ndi tishu K80. Gasi, madzi ndi ayisi K120. Zonse K1,450, ndipo ndikugulitsa K3,000. Pamwezi pali zolipira zosasintha: mnyamata K100,000 (malipiro otsikitsitsa a boma anakwera kufika pa K90,000 mu 2024), petulo wa galimoto pafupifupi K150,000, malo K60,000, sopo, mayunitsi ndi zodula za Airtel Money ndi Mpamba K30,000. Kuti K340,000 imeneyi ibwerere pakufunika makapu 220 pamwezi, khumi pa tsiku la ntchito, ine ndisanadyepo kanthu. Mwezi uno tikugulitsa pafupifupi makumi atatu patsiku.

Taonani bwino mndandandawo. Khofi weniweniyo, yemwe walimidwa, kuthyoledwa, kutsukidwa, kuyanikidwa ndi kukazingidwa ndi Amalawi, akungoposa kapu ya pepala yotayidwa ndi K100 yokha. Mbewuyi inafika ku Blantyre Mission cha m'ma 1878, ndipo mpaka lero chathu m'bizinesi imeneyi ndi khofi, mkaka, shuga ndi madzi. Makina, kachigayo, malabala, mapoto, gasi, petulo, makapu ndi zivundikiro zonse zimafuna ndalama zakunja. Mumagulitsa mu kwacha koma mumagula mu dola, ndipo dola ndi yomwe ikusowa.

1 Julayi: mkaka ndi makasitomala

Mkaka wa m'mapaketi wosakhalitsa ndi wotchipa ndipo umachita thovu labwino, koma magetsi akazima usiku, mabotolo a madzi omwe timaundanitsa kuti aziziritse cooler box amadzuka ali madzi. Tataya malita angapo motero. Panopa mabotolo alipo magulu awiri, lina limakhala pansi penipeni pa fuliza nthawi zonse, ndipo m'galimoto mumakhala katoni ya mkaka wokhalitsa wa UHT yodikirira tsiku loipa. Ndi wodula, koma kubweza mzere wa anthu n'kodula kuposa.

Anthu ambiri odutsa pageti si omwa khofi. Mayi wina wa mu ofesi ya pansi anafunsa mtengo, n'kuseka: "Achimwene, K3,000 kapu imodzi? Imeneyo ndi nkhomaliro yanga yonse. Tiyi mulibe?" Tsopano tiyi alipo pa K1,000, kapu yaing'ono ya khofi pa K1,800, ndi masikono omwe amatiphikira mayi wina wa kwathu. Tiyi ndi sikono zikubweretsa madalaivala ndi alonda, ndipo ena mwa iwo mwezi ukatha amalawako khofi.

Ngongole: anthu a m'maofesi amakonda kunena kuti "lembani, ndikupatsani pa malipiro". Kabuku kanadzadza msanga. Lamulo tsopano ndi loti ngongole isadutse makapu asanu, ndipo ndi mnyamata amene amakana, chifukwa iye amangoti "abwana anakaniza".

19 Ogasiti: makapu asowa

Wotigulitsa makapu wati katundu wake sanabwere, banki sinamupatse ndalama zakunja. Komwe ndawapeza, kapu ndi chivundikiro zili pa K520. Kukwera kwa K170 kumeneko pa makapu 600 ndi ndalama yoposa K100,000 pamwezi, malipiro onse a mnyamata. Makapu a pulasitiki opyapyala amafewa ndi khofi wotentha ndipo munthu sangawagwire.

Tachita ziwiri. Wobwera ndi kapu yake timamuchotsera K300, ndipo a m'maofesi ambiri ayamba kutsika ndi makapu awo a m'kabati. Tagulanso makapu adothi makumi awiri ndi anayi a omwera pompo kapena okwera nawo m'mwamba, mnyamata amakawatolera 11 koloko isanakwane. Atatu asowa kale. Kutsuka kwawonjezera chigubu cha madzi ndi mabeseni awiri, la sopo ndi lotsukuluzira, ndipo madzi akuda timabwerera nawo kunyumba chifukwa mwini malo safuna chithaphwi pageti pake. Makapu a pepala atsika ndi theka.

14 Sepitembala: makina a espresso agwira ntchito

Msonkhano wa bungwe lina pa holo yokhala ndi magetsi ake: anatilipira K450,000 pa tsiku, khofi wa anthu onse. Apa makina aja ndiye malo ake. Musanavomere ntchito yotere pitani mukaone soketi. Yoyamba yomwe anatilozera inali pa waya umodzi ndi zokuzira mawu, ndipo boila itayaka zonse zinathima m'kati mwa pemphero lotsegulira. Tinakoka chingwe kuchokera kukhitchini.

Madzi a pamalopo anali a pa mjigo. Sitinawathire m'makina, popeza madzi ambiri a pansi amasiya zoyera m'boila ndi m'mapaipi. Timanyamula athu a pampopi osefa.

21 Okutobala: kutentha

Pofika 9 koloko palibe wofuna chotentha. Malonda atsika kufika makapu khumi ndi asanu ndi atatu patsiku. Tayamba khofi wozizira: kuviika khofi wogaya mokhakhala m'madzi ozizira usiku wonse mufiriji, kusefa m'mawa, kuthira mkaka ndi ayisi. Gasi sakufunika. Ayisi wothira m'kapu timapanga tokha ndi madzi osefa, wogula m'matumba ndi wa cooler box basi. Fumbi nalo lavuta, kachigayo tikukavundikira ndi nsalu ndipo tikukapukuta tsiku lililonse.

12 Novembala: mafuta asowa, ndi chiwerengero

Mizere ya pa malo omwetsera mafuta yafika pogona pomwepo. Galimoto ikakhala pamzere ndiye kuti shopu yonse ili pamzere. Amisiri aikira kabati miyendo yopinda ndi matayala anayi a wilibala, K95,000, moti tsopano imatsika m'galimoto n'kuima payokha. Mwini malo wavomera kuti izigona m'chipinda cha alonda pa K20,000 yowonjezera pamwezi, silinda yokha ndi imene timaisunga panja m'kakhola kokhoma. Mnyamata amabwera pa kabaza ndi mkaka ndi ayisi, madzi tikutunga pampopi wa panyumbapo n'kusefa. Petulo wa pamwezi watsika kwambiri, ndipo Probox ikutuluka Loweruka lokha, mafuta akapezeka.

Ndalama zoyambira zomwe zalowa mpaka lero: kabati ndi zokonza zake zonse K650,000, makina K1,520,000, kachigayo K480,000, jenereta K650,000, za gasi K390,000, mapepala K140,000, katundu woyamba K330,000. Zonse K4,160,000, kudutsa bajeti ndi K660,000. Mwa zimenezi, zomwe zikugwira ntchito m'mawa uliwonse ndi za K1,990,000. Makina ndi jenereta, K2,170,000, zimatuluka pa zochitika zokha, kamodzi kapena kawiri pamwezi. Ngongole ya banki m'khonde inatha mu Ogasiti, ndipo mpamba wabwerera pang'ono kupitirira theka.

Jenereta yapeza wogula pa K700,000, popeza mitengo yakwera chiigulireni. Ndalamayo ipita ku lona ndi mapaipi a denga mvula isanalimbe, silinda yachiwiri ya gasi, ndi makatoni a makapu ngati angapezeke pansi pa K500.